Boti la matanga pakati pa minda ya tiyi ku Thyolo

Mukangodutsa pa Bvumbwe kuchokera ku Limbe, dziko limasintha mtundu. Zitunda zimabiriwira ngati wina wayalapo kapeti, ndipo apa ndi apo pamaima nkhalango za bulugama zomwe nkhuni zake zimaumitsa tiyi m'mafakitale. Tiyi wa ku Thyolo anayambira pa esiteti ya Bandanga mu 1908, anzathu a ku Mulanje atayamba kale mu 1891. Satemwa, yomwe ambirife timaidziwira pa zithunzi za pa Instagram, anaikhazikitsa Maclean Kay mu 1923, ndipo nyumba yake ya Huntingdon lero ndi malo ogona alendo.

Zonsezi mlendo amaziyembekezera. Boti ayi. Koma pa esiteti ina, kuseri kwa shedi yokonzera mathirakitala, ndinapeza boti la matanga litakhala pa ngolo, kutali zedi ndi nyanja. Linali Hobie 16, mtundu womwe Hobie Alter anayamba kupanga ku California chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Taganizirani mabwato awiri owonda, aatali pafupifupi mamita 5, olumikizidwa ndi zitsulo, pakati pali nsalu yolimba yokhalapo anthu awiri. Maboti otere ndi omwe amapikisana pa Nyanja ya Malawi nyengo yozizira, kuchokera ku Mangochi kulowera kumpoto, mwera ukuwakankha. Mwini wake amalikoka ndi galimoto nthawiyo ikafika. Miyezi ina yonse limangokhala apa, amayi othyola tiyi n'kumalidutsa ndi madengu kumsana. Ndi masewera a anthu opeza bwino, tisanamizane.

Wolikonza ndi bambo wachikulire, makaniko wa pa esitetipo.

"Achemwali, tagwirani apa," anatero akuloza kumbuyo kwa boti, pa kachitsulo komwe chiwongolero chimakoloweka. Nditagwedeza, kankasewera ngati dzino la mwana. Iwo anazungulitsa sikuruu imodzi, n'kumangozungulira osagwira. "Mwaona? Mazinga anatha."

Kwathu chitseko chikatere, mankhwala ake timawadziwa tonse: timitengo ta machesi m'bowo, kaguluu pang'ono, sikuruu n'kubwerera. Ndinawafunsa ngati sizingatheke pano. Anaseka mpaka kutsokomola.

Nkhani ndi yakuti botili ndi la faiba, ndipo mkati mwa khoma la kumbuyolo anabisamo kachitsulo ka aluminiyamu komwe masikuruu amagwira. Masikuruuwo ndi a chitsulo chosachita dzimbiri. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana pali chinyezi, chimodzi chimadyeka, ndipo chodyeka ndi aluminiyamu, yemwe amasanduka kaufa koyera. Madzi a nyanja yathu alibe mchere, choncho zimachedwerapo kusiyana ndi kunyanja zamchere, koma boti likakalamba zimafika basi. Onjezanipo kugwedezeka kwa chiwongolero pa mafunde, komanso anthu omanga sikuruu ndi mphamvu zonse ngati akumanga tayala.

Njira yachidule ndi kuikapo sikuruu yokulirapo. Bambowa sakana kuti imagwira, koma amati mwangogula chaka chimodzi, ndipo bowo likamakulirakulira mudzasowa pogwira. Iwo amaboola bwinobwino, kudula mazinga atsopano, kenako kulowetsamo Helicoil, kawaya kopotedwa ngati sipuling'i komwe kamakhala mazinga a sikuruu yoyamba ija. Luso limeneli sanaphunzirire pa boti. Analitenga ku mainjini a mapampu a madzi ndi njinga zamoto, komwe mabawuti amathanso mazinga mu aluminiyamu.

Mabowo a pamwamba pa boti, pomwe sikuruu imangogwira faiba, ndi nkhani ina, ndipo apa ndi pomwe ndinakhalitsa. Pakati pa zigawo ziwiri za faiba pali kasiponji kouma. Madzi akalowera pa bowo, kasiponjiko kamafewa. Ndiye m'malo mochepetsa bowolo, amayamba alikulitsa. Amakolokota chonyowa chonse ndi msomali wopinda, kulisiya liume, n'kudzazamo epokisi wokandira ngati phala lolimba. Ukauma amaboolanso kabowo kakang'ono pakati penipeni, moti sikuruu imagwira mu epokisi ndipo madzi alibenso njira. Pomwe zonsezi zakanika, amadula chibowo chozungulira chokhala ndi chivindikiro, kulowetsa mkono mkati, n'kumanga bawuti yodutsa, ya wasala ndi nati.

"Nanga bambo, simungangothira lero n'kuthana nazo?"

Analoza kumwamba. Chiperoni chinali chitatsika kuyambira m'mawa, kamvula kowaza kaja komwe dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Tiyi amakondwa nacho, epokisi ayi. Bowo likakhala ndi chinyezi epokisi sagwira, ndipo kukazizira amachedwa kuuma. Chondisangalatsa n'chakuti mphepo ya kumwera chakum'mawa yomwe imabweretsa chiperoni kuno ndi yomweyo imene kunyanja amaitcha mwera. Ikuchedwetsa ntchito ku Thyolo, ndipo ikadzayesanso ntchitoyo ku Nkhotakota, komwe mafunde a mwera asodzi amawaopa. Chiwongolero chikazuka kumeneko, anthu awiri amatsala pa boti losamva, gombe lili kutali.

Bambowa sanakwerepo botili. Nditawafunsa anati, "Ine madzi anga ndi a m'kapu, achemwali." Koma bowo lililonse analilemba nambala ndi pensulo ya kalipentala, ndipo omwe anali atawakolokota kale anawamata tepi kuti chinyezi chisalowe. Anati dzuwa likawala masiku awiri otsatizana, ayamba ndi a kumanzere.