Pa Mlolo, Pamene Malire Anadula Mtundu Pakati

Munthu wocoka pa Katete kulowera kum'mwera, pa mseu wopita ku Tete, amadutsa minda ya cimanga, nshawa ndi thonje asanafike m'dziko la Mfumu Mlolo, m'boma la Chadiza. Mseuwu umafika pa cipata ca Chanida, ndipo kuseri kwake ndi Cassacatiza, m'dziko la Mozambique. Malole opita ku doko la Beira amaima pamenepo mondondozana, kudikira kuti mapepala ao aonedwe.

Ndinaima pa cipataco ndi kuyang'ana mbali zonse ziwiri. Nthaka ndi imodzi, mitengo ndi yomweyo, ndipo anthu a uku ndi uko amapatsana moni m'Cicewa. A Phiri, a Banda, a Mbewe ndi a Mwale ali konsekonse. Malirewa anacokera m'pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la 1891, ndipo pogawana dzikoli sanafunse mfumu iliyonse ya Acewa.

Komabe pano panagwa mantha. Nkhondo ya pakati pa boma la FRELIMO ndi zigawenga za RENAMO, imene inayamba mu 1977, inakula m'cigawo ca Tete m'zaka za m'ma 1980. Anthu anathawira ku Chadiza, Katete ndi Petauke atasenza mphasa ndi miphika, ana ali kumsana. Poyamba analandiridwa m'midzi ngati abale. Koma nkhokwe zitayamba kutsika, ndiponso zigawenga zitayamba kulumpha malire ndi kupha anthu m'midzi ya Zambia, mitima inatembenuka. Eni mudzi anafunsana kuti: Kodi minda idzatikwanira? Kodi pakati pa alendowa mulibe azondi? Kodi ana athu adzakula ngati a Zambia?

Mantha otere sali a ku Mlolo kokha. Ku United States, anthu ena amada nkhawa ndi obwera kucokera ku Mexico ndi maiko ena olankhula Cisipanishi. Mu 2004 mphunzitsi wa pa Harvard, Samuel Huntington, analemba buku lochedwa Who Are We? lonena kuti obwerawa angagawe dzikolo pawiri pa cinenero ndi pa mwambo. Koma California inali mbali ya Mexico kufikira 1848, ndipo zidzukulu za obwerawo zimakula zikulankhula Cingelezi. Kumeneko, monga kuno, malire anapeza anthu ali kale pamalo.

Nanga kwathu zinatha bwanji? Mu 1987 boma, pamodzi ndi bungwe la United Nations loona za othawa kwao, linatsegula malo a Ukwimi, amene panthawiyo anali m'boma la Petauke, kutali ndi malire. Kumeneko anthu oposa 20,000 anapatsidwa minda, nadzilimira okha cakudya. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ambiri anabwerera kwao pofika 1994, ndipo minda ya Ukwimi inapatsidwa kwa alimi a Zambia. Ena anatsala m'midzi ya m'malire cifukwa ca maukwati, ndipo ana ao anaphunzira m'sukulu zathu.

Mwambo umene anthu ankaopa kuti utayika sunatayike. Kumapeto kwa August, mafumu a Acewa ocokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, kudzapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Gule Wamkulu amavina pa bwalo limodzi, ndipo ng'oma siifunsa citupa.

Tisanene kuti mantha aja anali acabe, pakuti maliro anacitikadi. Koma amene anabweretsa maliro anali onyamula mfuti, osati mai wonyamula mwana ndi mphika. Akulu anati cibale ndi fupa, siciola. Pocoka pa Chanida madzulo, ndinaona anthu a njinga akuwoloka kunka uku ndi uko, ndipo sindinathe kusiyanitsa mlendo ndi mwini mudzi.