Tsiku Limodzi pa Nyumba ya Mandala

Kukamacha, maminibasi a pakati pa Blantyre ndi Limbe amakhala atayamba kale kulimbirana anthu mumsewu wa Chipembere, makondakitala akukuwa mpaka mawu kusasa. Ukapatuka pang'ono n'kulowa mumpanda wa Nyumba ya Mandala, phokoso lonselo limatsalira kumbuyo. Mlonda wa usiku akupinda jasi lake, mayi wina akusesa masamba pansi pa mitengo, anyamata a kukhitchini akupukuta matebulo pakhonde lalikulu lomwe lazungulira nyumbayi.

Nyumbayi inamangidwa mu 1882. Ndiyo inali yoyamba yosanja m'dziko muno, ndipo mwa nyumba zonse zomwe zikadaimabe m'Malawi palibe yoiposa zaka. Eni ake anali a African Lakes, kampani yomwe inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878 n'kuikidwa m'manja mwa abale awiri, John ndi Frederick Moir. Mandala a m'maso omwe John ankavala ndiwo anapatsa dzina nyumbayi, masitolo a kampaniyo, ngakhalenso dera lonseli.

Dzuwa likakwerako, zitseko za La Caverna, malo ogulitsira zaluso, zimatsekulidwa m'zipinda zapansi. Pamakoma pali zithunzi zopenta: asodzi akukoka khoka, amayi atasenza mitsuko, gule atavina mpaka fumbi koboo. Pamatebulo pali ziboliboli ndi mabuku. Mlendo wina waima nthawi yaitali patsogolo pa chithunzi chimodzi, ndipo wogulitsa akumufotokozera modekha za mmisiri amene anachijambula. Malonda sanathe pamalo pano, changosintha ndi katundu. Kale pabwaloli pankaunjikidwa minyanga ya njovu yopita kunja, pamene nsalu ndi mikanda zinkalowa.

Katunduyo sankayenda yekha. Sitima zapamadzi zinkakwera mtsinje wa Shire n'kuima kwa Katunga ku Chikwawa, chifukwa kutsogoloko kuli mathithi. Kuyambira pamenepo zonse zinali pamutu pa amtengatenga. Ankakwera chitunda chomwe lero ngakhale lole imakwera ikulira, kudzatula pano, ena n'kupitiriza mpaka ku Matope komwe mtsinje umalolanso sitima. Mayina a abale a Moir ali m'mabuku. Mayina a amene anaumba njerwa za nyumbayi ndi kusenza mitolo ija sanalembedwe pakhoma lililonse, koma zidzukulu zawo ndi ife amene timadutsa pageti tsiku ndi tsiku osalowamo, poganiza kuti muli za azungu zokhazokha. Zimenezi zimandiwawa mumtima.

Nkhomaliro ikakwana, pakhonde ndi m'munda mumadzaza. Ogwira ntchito m'maofesi a pafupi, alendo ochokera kunja, anthu awiri atawerama pa kompyuta, onse pakati pa fungo la khofi ndi kulira kwa mbale.

Amene akudziwa amakwera masitepe. Kumwambako kuli laibulale ya Society of Malawi, bungwe lomwe linayamba mu 1946 likutchedwa Nyasaland Society. Matabwa a pansi amalira ukamaponda, ndiye aliyense amayenda monyang'ama. M'mashelefu muli mamapu akale, zithunzi za Blantyre asanakhale mzinda, ndi magazini ya bungweli ya zaka zambirimbiri. Mtsikana wa ku yunivesite wakhala pafupi ndi zenera, akukopera m'kope nkhani ya nkhondo ya ku Karonga, yomwe kampani ya African Lakes ija inamenyana ndi Mlozi, wogulitsa akapolo, kuyambira mu 1887. Woyang'anira mabuku akumubweretsera buku lina atalifumbata ndi manja awiri. "Mutsegule pang'onopang'ono, achemwali, mapepala ake ngofooka."

Dzuwa likapendeka, kuwala kumagwa cham'mbali pakhoma, ndipo m'pamene umaona bwino kuti nyumba ya zaka zoposa 140 siima mwamwayi. Adani ake ndi chiswe, chinyezi ndi denga lodontha. Akatswiri okonza nyumba zakale amachenjeza kuti khoma la njerwa zofewa ndi dothi ukalimata simenti yolimba, madzi amatsekeredwa mkati ndipo njerwa zimafumbutuka mobisika. Limafuna laimu, ndi mmisiri wodekha amene amachotsa thabwa lofumbwa lokhalo, osagwetsa zonse kuti ayambe zatsopano. Limafunanso anthu. Denga likadontha m'chipinda chomwe muli zithunzi zogulitsa, wina amaona tsiku lomwelo. Nyumba yotsekedwa ndi loko imawola popanda woiona, kenaka tsiku lina a khonsolo amadzaipaka nyenyezi yofiira yosonyeza kuti igwetsedwe, monga tazionera pa nyumba zina zakale mumzinda muno. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati khofi ndi malonda zimanyazitsa malo a mbiri ngati ano. Ndizo zikuchititsa kuti zitseko zake zizitsekulidwa m'mawa uliwonse.

Pofika madzulo alendo atha, mipando yasanjidwa, makiyi akulira m'manja mwa wotseka, ndipo ogwira ntchito akuthamangira kusiteji mdima usanagwe.

Aphunzitsi a ku Ndirande, Chilomoni, Zingwangwa ndi Bangwe, nyumbayi ili pamtunda wa minibasi imodzi kapena ziwiri kuchokera pasukulu panu. Kapanganeni tsiku ndi oyang'anira laibulale, mubwere nawo ana adzaponde matabwa amenewa, ndipo mudzawauze za amtengatenga.