Kwa eni ma Prado odutsa pa Chezi

Inu amene mumadutsa pa Chezi ndi ma Prado ndi ma V8 popita kunyanja ku Salima, ndikupempheni kanthu. Galimoto zimenezi zimanyenga. Mawindo ali chitsekere, kamphepo kozizira kakuomba, injini sikumveka, ndiye liwiro lalikulu silidziwika n'komwe. Koma msewu wa M14 kuno ndi wokhotakhota potsetsereka cha ku Mvera, ndipo m'mbali mwake muli amayi ogulitsa tomato, akabaza, ana asukulu ndi mbuzi.

Mukafika kumapiri kuno zimitsani cruise control. Potsika mtunda ikani giya yaing'ono kuti injini ithandize, mabuleki angatenthe. Mwana akatulukira mwadzidzidzi, pondani buleki mwamphamvu osasiya. Kunjenjemera komwe mumamva kuphaziko ndi ABS ikugwira ntchito, ndipo chiwongolero chimamverabe. Airbag imavulaza munthu wosamanga lamba, choncho aliyense amange, ndi wakumbuyo yemwe, ndipo ana akhale kumbuyo.

Zonsezi zimateteza inu amene muli m'katimo. Woyenda pansi alibe airbag, akudalira phazi lanu. Chonde, chepetsani liwiro pa Chezi.