Musanagule turbo, yang'anani kaye kapaipi

Pa zitsulo zonse za m'injini ya minibasi, palibe chimene chimanamiziridwa milandu ngati turbo. Galimoto ikangoyamba kufuka utsi wabuluu, kumwa oyilo kapena kulemera pachitunda, dalaivala, kondakitala ndi anyamata oitanira pasiteji ya Liwonde onse amagamula chimodzimodzi: turbo yapita. Nthawi zina amalondola. Koma nthawi zina wolakwa amakhala kapaipi ka labala kosafika ngakhale utali wa mkono, ndipo chigamulo chothamangira chimadyetsa banja lonse ndiwo zopanda mafuta kwa miyezi.

Mwina mukudabwa kuti wophunzira mbiri ndi filosofi ku Zomba zimenezi zikumukhudza bwanji. Fizi yanga imachokera m'minibasi ya amalume, yadizilo, yakale, imene inabwera kuchokera ku Japan itagwira kale ntchito. Imayenda pakati pa Balaka ndi Liwonde, ndipo masiku amsika imakwera mpaka ku Ntaja. Patchuthi kondakitala ndimakhala ine. Injini imeneyo ikatsokomola, semesita yanga imatsokomolanso.

Amakaniki amati injini imapuma, ndipo sanama. Dizilo akaphulika pamwamba pa pisitoni, mpweya wina umazembera m'mbali mwa maring'i n'kutsikira kunsi, kumene kumakhala oyilo. Izi zimachitika ngakhale injini ikhale yatsopano, koma zimakula maring'i akayamba kutha. Mpweya umenewo uyenera kupeza potulukira. N'chifukwa chake pachivundikiro cha pamwamba pa injini pamachoka kapaipi kamene amakatcha breather, n'kukalowa m'paipi yaikulu ya mpweya kutsogolo kwa turbo, kuti utsiwo ubwerere m'injini ukapse. Kale magalimoto ankangoulavulira pamsewu kudzera m'paipi yoloza pansi. Ndi ku California, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, kumene anayamba kuumiriza kuti utsiwu uzibwezedwa m'injini pofuna kuchepetsa kuipitsa mpweya.

Tsono kapaipi kameneka kakatsekeka ndi phala la oyilo wakale, kapena kakapindika, mpweya umasowa kolowera. Umayamba kukankha oyilo paliponse pofooka: m'masilo, m'magasiketi, mpaka kachitsulo koyezera oyilo kamatumphuka kokha. Apa ndi pamene turbo imalowa m'mlandu wa eni. Oyilo amafika mu turbo mokankhidwa ndi pampu, koma pobwerera kunsi amangotsika yekha ngati madzi m'ngalande. Kunsiko kukadzaza mpweya, oyilo amalephera kutsika, amadikha mu turbo, kenako amadutsira mbali ya ekizozi kapena ya mpweya wolowa. Kumbuyo kumatuluka utsi wabuluu, pomwe turbo ilibe vuto lililonse.

Minibasi ya amalume inachita zomwezi m'mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Balaka lili pachimake. Makaniki woyamba anangoyang'ana utsi, n'kupukuta chala m'paipi ya turbo, n'kuwaonetsa oyilo. Mtengo wa turbo ina umene anatchula unali pafupifupi fizi yanga ya semesita yonse. Amalume sanayankhe. Anaiyendetsa pang'onopang'ono mpaka kwa mkulu wina amene amakonza magalimoto pansi pa mtengo wa mango ku Liwonde.

Mkuluyo sanayambe ndi sipanala. Anayamba ndi mafunso. Utsi unayamba liti? Umatuluka poliza m'mawa, kapena pokwera? Oyilo munasintha liti? Kenako injini ikulira payokha, anamasula chitsekerero cha pothirira oyilo n'kuchisiya chili chokhazika pabowo. Anati chikamangonjenjemera pang'ono ndiye kuti zinthu zili bwino, koma chikamaponyedwa m'mwamba ndi utsi wambiri, kunsi kwadzaza mpweya, ndipo tifufuze ngati ndi maring'i kapena njira yotulukira. Chinadumpha. Anazimitsa injini, n'kuchotsa paipi ya kutsogolo kwa turbo, n'kugwedeza kachitsulo kozungulira ka m'katimo ndi zala ziwiri. Sikanagunde m'mbali, sikanasewere chamtsogolo ndi chambuyo. Pomaliza anazula breather, n'kuipukuta kunsonga, n'kuuzira. Mpweya sunadutse.

"Achimwene," anatero kwa amalume, "turbo yanuyi ndi mboni chabe. Wakuba ndi uyu."

Anatsuka njira ya m'chivundikiro, n'kuika paipi ina yosafewa ndi oyilo, n'kuwauza kuti utsi sutha tsiku lomwelo chifukwa oyilo wotsalira m'mapaipi ndi mu ekizozi ayenera kupsa kaye. Anawachenjezanso kuti maring'i ayamba kutopa, ayambe kusunga ndalama. Patapita masiku ochepa utsi unatha.

Pali timapaipi tina tocheperapo, tonga chala chakaniso, timene anthu amatinyoza kuposa breather. Injini ya petulo imadzipangira yokha mphamvu yoyamwa mpweya, imene amakaniki amaitcha vacuum. Ya dizilo imadalira kapampu kapadera, kamene pa injini zambiri zakale za Toyota, monga 2L ndi 3L, kamakhala kumbuyo kwa alternator. Mphamvu imeneyi ndi imene imafewetsa mabuleki. Paipi yake ikang'ambika, chopondera chimauma ngati mwala, ndipo amene anatsikapo zitunda za ku Machinga kulowera ku Liwonde minibasi itadzaza akudziwa kuti imeneyi si nkhani yoseka. Palinso kapaipi kochoka pa turbo kupita ku wastegate, kachitseko kamene kamatsegukira utsi wina kuti turbo isapope mopyola muyeso. Kakabooka, chitsekocho sichitseguka, ndipo dalaivala amasangalala kuti galimoto yapeza mphamvu pamene injini ikudziwononga.

Labala sagwirizana ndi kutentha ndi oyilo. M'chigwa cha Shire, galimoto ya zaka 20 kapena kuposa imakhala ndi timapaipi touma, tosweka kunsonga kumene timalumira chitsulo. Kuwunika kwake sikulira makina. Kukhotetsa kapaipi kalikonse n'kuona ngati kali ndi ming'alu. Kutenga chidutswa cha paipi, mbali ina pakhutu, ina kuyendetsa mosamala kutali ndi fani ndi malamba, kufunafuna pamene pakulira mluzu. Kuwaza madzi a sopo molumikizira mapaipi a turbo, wina n'kuponda mafuta, n'kuona pamene pakuchita thovu. Ndipo pochotsa, kamodzikamodzi, chifukwa timapaipi tikasinthanitsidwa malo mwabala vuto lachiwiri.

Ndikudziwa kuti pali njira zachidule zimene zafala m'masiteji mwathu. Ena amazula breather n'kuisiya ikulendewera pansi. Ena amatseka kapaipi kong'ambika ndi bawuti. Sindikuwaseka, chifukwa munthu amene wafera panjira pakati pa Nsanama ndi Ntaja ayenera kufika kwawo. Koma chachidule chikasanduka chamuyaya chimaluma. Bowo losiyidwa lotseguka kutsogolo kwa turbo limayamwa fumbi losasefedwa, ndipo fumbi limadya mapiko a turbo ndi maring'i omwe. Oyilo wochuluka akamalowa m'njira ya mpweya, injini ya dizilo ikhoza kuyamba kumuyatsa ngati mafuta, n'kuthamanga yokha osamvera kiyi mpaka kudziphwanya.

N'chifukwa chiyani ndikulemba izi kwa inu amene mukuwerenga mabuku, osati kwa madalaivala? Choyamba ndi ndalama. Turbo sitipanga kuno. Imabwera ndi madola, kudzera ku Dar es Salaam kapena ku South Africa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zitsulo inakwera nayo. M'dziko lotere, munthu wodziwa kusiyanitsa chitsulo chakufa ndi chitsulo chonamiziridwa akupulumutsa ndalama zakunja mwakachetechete, ngakhale dzina lake silidzalembedwa m'lipoti lililonse.

Chachiwiri ndi kaganizidwe. M'kalasi ya mbiri amatiphunzitsa kuti umboni umodzi sugamula mlandu, kuti tizifunsa ngati chimene taona chingakhale ndi gwero lina, ndiponso kuti tiyese kugwetsa ganizo lathu tisanalikhulupirire. Oyilo m'paipi ya turbo unali umboni woona, koma unali ndi matanthauzo atatu: turbo yatha, maring'i atha, kapena njira yopumira yatsekeka. Makaniki woyamba anasankha tanthauzo lokwera mtengo n'kuima pomwepo. Wachiwiri anayesa onse atatu, kuyambira pa zimene sizilira tambala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife timalemba zimenezi m'mayeso n'kupatsidwa malikisi, iye amazichita tsiku ndi tsiku manja ali bii.

Ambiri a ife tikamaliza sukulu, galimoto yoyamba imene tidzagule idzakhala yotopa kale, ndipo tidzaima pamaso pa makaniki tisakudziwa choti tinene. Sikofunika kuti tonse tigwire sipanala. Chofunika ndi kudziwa mafunso. Mwayesa chiyani kuti mutsimikize? N'chiyani china chimene chingabweretse chizindikiro chomwechi? Tikasintha chitsulochi vuto n'kupitirira, ndiye kuti chiyani? Makaniki wabwino sakwiya ndi mafunso amenewa, amakuitanani kuti mudzaone nokha. Amene akukwiya, tengani kiyi wanu mukafunse kwina.