Galu akudya, akuuwa, koma mwaona chimbudzi chake?

Ambirife galu timamuyeza ndi mafunso awiri okha: akudya? Akuuwa usiku? Mayankho akakhala eya, basi ali bwino. Koma alipo matenda amene galu amakhala nawo miyezi yambiri akudya ndi kuuwa monga mwa nthawi zonse. Madokotala a ziweto amawatcha colitis, kutanthauza kutupa kwa thumbo lalikulu, lomwe lili kumapeto kwa matumbo.

Ntchito ya thumbo limeneli ndi kuyamwa madzi m'zotsalira za chakudya ndi kusunga chimbudzi mpaka nthawi yake itakwana. Likatupa, zonse ziwirizi zimasokonekera. Galu amadzithandiza pafupipafupi, amachima nthawi yaitali, koma chotuluka ndi kachimbudzi kochepa, kofewa, kokhala ndi zonanda ngati mamina, mwinanso timadontho ta magazi ofiira. Popeza zakudya zimalowa m'magazi kudzera m'matumbo aang'ono, kawirikawiri galuyo saonda kwenikweni, ndipo mbale yake amaimaliza. Vutoli likadutsa masabata atatu, kapena likamangobwerera, ndiye kuti lasanduka lamgonagona.

Kwathu tinaziona pa Dziwazako, galu wa bambo anga. Anayamba kuzindikira ndi amayi, poti ndi amene amasesa pabwalo m'mawa. "Abambo, galu wanuyu sali bwino, tabwerani mudzaone," anatero tsiku lina. Oyandikana nawo anati tingogula Flagyl tim'mwetse, koma bambo anasankha kupita naye kwa dokotala wa ziweto, atanyamula chimbudzi cha tsiku lomwelo m'kapulasitiki.

Choyamba chimene dokotala amakayikira ndi nyongolotsi yotchedwa whipworm, yomwe imakhala m'thumbo lalikulu. Ndi yochenjera: siikira mazira tsiku lililonse, choncho kuyeza kamodzi kungathe kuiphonya. Mazira ake amakhala amoyo m'dothi zaka zingapo, moti galu amaitenganso pabwalo lomwelo. N'chifukwa chake mankhwala monga fenbendazole amaperekedwa masiku atatu otsatizana, kenaka amabwerezedwa pakatha masabata atatu ndiponso pakatha miyezi itatu.

Nyongolotsi zikathana koma vuto likadalipo, maso amatembenukira ku chakudya. Agalu ena matumbo awo sagwirizana ndi nyama kapena chakudya china chimene akhala akudya. Dokotala amasankha chakudya chimodzi, galuyo n'kumadya chomwecho basi, ndipo ambiri amasintha m'masabata awiri oyambirira. Kwa ena ndi chitetezo cha m'thupi chomwe chikulimbana ndi matumbo ake omwe, ndiye pamafunika mankhwala ochepetsa kutupa monga prednisolone. Agalu aang'ono a mtundu wa Boxer ndi French Bulldog ali ndi colitis yawoyawo, yobwera ndi tizilombo ta E. coli tolowa m'khungu la thumbo, ndipo imafuna mankhwala a masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo.

Kwa ife chovuta sichinali mankhwala ayi, chinali banja. Galu wa pakhomo amadyetsedwa ndi aliyense: uyu wamponyera mkute, uyo fupa la nkhuku, agogo mitu ya usipa poti "akundiyang'ana momvetsa chisoni". Kachidutswa kamodzi kokha kamaononga kuyesa kwa sabata yonse, dokotala osadziwanso ngati chakudya chatsopanocho chikuthandiza. Bambo anachita kutikhazika pansi tonse, ndi agogo omwe, ndipo titagwirizana m'pamene magazi aja anasiya.

Ndikudziwa kuti ndalama ndi yovuta, ndipo ena anganene kuti kupita ndi galu kuchipatala n'kudzionetsa. Koma kugula mapiritsi mongoganizira mwezi ndi mwezi nakonso kumadya ndalama, galu akuvutikabe. Ena mwa mankhwala a anthu, monga ibuprofen, amamuboola m'mimba ndi kumuononga impso.

Ndiye mawa m'mawa, musanakokolole chimbudzi cha galu wanu, chiyang'aneni kaye. Foni muli nayo: jambulani, lembani tsiku, mukamuonetse dokotala kapena mlangizi wa ziweto wa kwanuko. Chimbudzicho chikakhala chakuda bii ngati phula, kapena galu akusanza, wafooka ndipo wakana kudya, makamaka akakhala mwana wa galu, musadikire masabata atatu. Pitani naye tsiku lomwelo.