Luso Lili Potsika

Nditakacheza kwa mwana wanga ku Cape Town, ananditengera pa phiri la Signal Hill, pomwe iye ndi anzake amaulukira pa chinsalu chonga phiko, chotchedwa paraglider. Mtima wanga unali m'mwamba.

Ndinamfunsa kuti, "Nanga mtambo ukakukokera kumwamba, utsika bwanji?"

"Bambo, ndimayamba kukoka zingwe zakutsogolo za m'mphepete kuti nsonga ziŵiri za phikolo zipindike, likachepa chotero, ndimatsika mofatsa. Zikavuta, ndimakoka buleki ya mbali imodzi ndi kuzungulira ngati kamvuluvulu. Koma pamenepo magazi amathaŵa kumutu ndipo munthu angakomoke. Nchifukwa chake timaphunzirira pamwamba pa madzi, mphunzitsi akutilangiza pa wailesi."

Ndinakhala chete. Zaka 30 ndakhala ndikuuza ana a sukulu kuti akwere pamwamba. Za katsikidwe kabwino sindinaŵaphunzitsepo.