Nzeru za pa mwala wa foni zikafike ku msonkhano

Midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Meluluca kudzera ku Messumba mpaka ku Cobue, ili ndi malo ake odziwika oimbirapo foni. Pena ndi pa mwala waukulu wa kugombe, pena ndi pansi pa mlambe, pena ndi pa chulu kuseri kwa tchalitchi. Mlendo akafika, foni yake ili zii, safunika kupita kwa katswiri. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amugwira pa mkono n'kukamuimika pamalo pake penipeni, n'kumuuzanso mbali yoti ayang'ane. Chinthu chimenechi ena amachitcha rede monga mwa Chipwitikizi, ena amati netiweki monga anenera a ku Likoma, koma onse amadziwa pamene chimagona ndi pamene chimadzuka.

Msodzi wa usipa amadziwa zoposa pamenepo. Amadziwa kuti akapalasa bwato kulowa pakati, foni imene inali chete pamtunda imayamba kulira, chifukwa mapiri amene amatchinga kumtunda awasiya m'mbuyo ndipo pamadzi palibe chotsekereza mafunde a wailesi. Wa ku Cobue amadziwa kuti nthawi zina foni imagwira nsanja za ku Likoma, chilumba cha Malawi chimene chili m'madzi a Mozambique, ndiye chifukwa chake ena amasunga makadi a foni a mayiko onse awiri. Izi ndi nzeru zenizeni, zopezedwa ndi miyendo ndi nkhafi. Vuto lake n'lakuti zimathera pa mchenga pomwepo. Amene amakonza mapulani a nsanja ndi zingwe amakhala ku Maputo ndi ku Lilongwe, ndipo amamva zimene zalembedwa.

Anthu oterowo ali ndi mabwalo awo. Chaka ndi chaka akatswiri a kulumikiza makompyuta ndi mafoni amakumana kuti auzane zimene apeza pa kafukufuku, ndipo misonkhano ina yachitikira pafupi. Msonkhano wotchedwa AFRICOMM udayambira ku Maputo m'chaka cha 2009, ndipo mu 2013 udachitikira ku Blantyre. Palinso bungwe la UbuntuNet Alliance, lolumikiza sukulu za ukachenjede za kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, limene likulu lake lidakhazikitsidwa ku Lilongwe. MoRENet wa ku Mozambique ndi MAREN wa ku Malawi ali m'gulu la amene adaliyambitsa. Msonkhano wake, UbuntuNet-Connect, udayambira ku Lilongwe mu 2008, mu 2014 udali ku Lusaka, ndipo mu 2015 udafika ku Maputo. Choncho bwalo lilipo, ndipo mipando yake sidalembedwe maina a azungu okha. Funso n'lakuti mawu a kunyanja angalowemo bwanji.

Tangoganizani mwana wa m'boma la Lago amene wapita ku sukulu ya ukachenjede ku Lichinga, ndipo waona chidziwitso choitana anthu kuti atumize kafukufuku wawo. Chidziwitsocho chimatuluka miyezi ingapo msonkhano usadafike. Chimanena mitu yofunika, chiwerengero cha masamba, ndi tsiku lomaliza kulandira. Mwanayo akadzalemba kuti "kwathu netiweki imavuta," palibe amene angamumvere, pakuti zimenezo anena kale anthu a m'midzi ya dziko lonse lapansi. Chimene chimafunika ndi muyeso. Foni iliyonse yamakono imasonyeza mphamvu ya mafunde mu manambala: pamene yalemba -70 mawu amamveka bwino, pamene yafika cha ku -110 mawu amayamba kudukaduka. Ndiye kuti ayende gombe ndi gombe, alembe malo, tsiku, ola ndi nyengo. Abwerenso pamalo omwewo m'mawa, masana ndi usiku, nthawi ya mwera ndi nthawi ya bata, m'dzinja ndi m'chilimwe. Zimene agogo ake amadziwa ndi mtima, iye azisandutse mizere ndi mapu oti munthu wa ku Nairobi, amene sadaonepo chilimila, akhoza kuwerenga ndi kutsutsa.

Ntchito imeneyi kumudzi siimveka msanga. Agogo ake akamuona akuyenda ndi foni m'mwamba ngati wofuna njuchi, adzamufunsa ndithu: "Kodi mwanawe, kumsonkhanoko akakupatsa zingati?" Iye adzayankha mwaulemu: "Agogo, kumeneko sapereka ndalama ayi. Akandilola, ndiye kuti ndalama yolembetsera ndi ya ulendo ndisake ndine." Agogowo adzaomba m'manja ndi kudabwa, ndipo sadzakhala atalakwa. Walira mvula walira matope. Pamisonkhano yambiri, amene kafukufuku wake walandiridwa amalipira kuti akalankhule, ndipo ulendo wochoka ku Metangula kukwera phiri kupita ku Lichinga, makilomita opitirira 100, ndi chiyambi chabe. Nzeru yake n'kufunsa msanga, pakuti misonkhano ina imachepetsa mtengo kwa ophunzira, ina imathandiza pa ulendo, ndipo kuchokera nthawi ya mliri wa 2020 ina imalola munthu kulankhula ali kutali. Safunsa adadya phula.

Phiri lachiwiri ndi chinenero. Mwana wa kunyanja adayamwa Chinyanja, sukulu idamuphunzitsa m'Chipwitikizi, koma misonkhano yambiri ya za makompyuta imafuna Chingerezi. Mnzake wa ku Likoma, amene amamuona kutsidya, adaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale. Apa malire amene amaoneka ngati mpanda akhoza kukhala mlatho. Kafukufuku saletsa kulemba anthu awiri kapena atatu. Wina ayese mafunde ku Cobue, wina ayese ku Likoma, mphunzitsi wawo aone ngati masamu ali bwino, maina onse akwere pamwamba pa tsamba loyamba. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mafunde amene akuyesawo nawonso sayima pa ofesi yodinda mapasipoti.

Kenaka limafika tsiku lomaliza. Zolembazo sizipita pa basi kapena pa sitima ya pamadzi, zimapita pa intaneti, ndipo khomo lake limadzitsekera lokha ola likakwana. Nthawi zina ola lolembedwalo ndi la dziko lina, moti wosasamala amapeza kuti pakati pausiku pa iwo padapita kale. Chosekesa, komanso chowawa, n'chakuti wolemba za kuvuta kwa netiweki ayenera kudalira netiweki yomweyo kuti madandaulo ake afike. Akhoza kupezeka ali pa mwala uja usiku, udzudzu uli m'miyendo, akuyang'ana kamzere pa foni kakukwawa ngati nkhono. Wanzeru amatumiza kudakali masiku atatu, ndipo amasunga zolembazo malo awiri.

Zikapita, pamabwera kudikira. Okonza msonkhano amapereka zolembazo kwa akatswiri awiri kapena atatu kuti aziunike, ndipo pamisonkhano yambiri wolembayo sauzidwa maina awo. Pena ngakhale dzina la wolemba limabisidwa, kuti pasakhale kunena kuti uyu ndi mwana wa uje. Mafunso awo amakhala akuthwa. Mudayesa ndi foni imodzi yokha, nanga ngati foniyo ndi yofooka? Mudayesa masiku angati? Amene adachitapo zofanana ndi izi kwina mudawawerenga? Patapita masabata angapo yankho limafika: talandira, kapena konzani apa ndi apa, kapena takana. Kukanidwa kumawawa ngati kubwera kunyanja m'mamawa wopanda ndi usipa wa ndiwo womwe, koma ngakhale maprofesa a imvi amakanidwa. Kalata yokana imabwera ndi zifukwa, ndipo zifukwazo ndi zimene munthu amasokera ukonde wake kuti akaponyenso kwina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wina adzafunsa kuti phindu la mavuto onsewa ndi chiyani, pamene amene walandiridwa amapatsidwa mphindi 15 kapena 20 zokha kuti alankhule. Yankho lili ku Macha, mudzi wa kum'mwera kwa Zambia, kutali ndi tauni. Anthu a kumeneko adalumikiza chipatala, sukulu ndi nyumba pa intaneti yodzera m'mlengalenga, ndipo mu 2007 nkhani yawo idakambidwa pa msonkhano wa akatswiri ku Bangalore, m'dziko la India. Ofufuza ena atamva adabwera kudzayesa, n'kupeza kuti mauthenga ambiri anali a anthu a m'dera lomwelo. Uthenga wopita kwa mnansi unkakwera kumwamba, kukafika kutsidya kwa nyanja zamchere, n'kubweranso pa mudzi womwewo, ukudya ndalama ndi nthawi. Kuchokera pamenepo adayesa makina osunga zinthu za pamudzi pamudzi pomwepo, ndiponso kanetiweki ka foni ka m'mudzi. Dzina la Macha lidadziwika kwa akatswiri a mayiko ambiri chifukwa lidalembedwa.

Chitsanzo china chili ku Zomba. Mu 2013 gulu la Dr Chomora Mikeka la ku Chancellor College, mogwirizana ndi MACRA, lidayesa kutumiza intaneti kudzera m'njira za wailesi ya kanema zimene sizinkagwiritsidwa ntchito, ndipo sukulu ya atsikana ya St Mary's idali pakati pa malo amene adalumikizidwa. Mafunde amtundu umenewo amayenda mtunda wautali ndipo salephera msanga pa mitengo. Zotsatira zake zidalembedwa ndi kusindikizidwa, moti wofuna kuyesa zomwezo pakati pa mapiri ndi nyanja sayambira pachabe. Kubwera kwa Movitel mu 2012 kudafikitsa foni m'midzi yambiri ya Mozambique, koma mipata imene idatsala pakati pa nsanja imadziwika bwino ndi okhalamo.

Tsono apa anthu a m'midzi ali ndi mbali yawo. Mwana wotere akafika kwa a mfumu kudzapempha chilolezo, asamuone ngati kazitape kapena woyesa minda. Amufunse bwinobwino zimene akulemba, ndipo akamvetsa amulozere mwala uja, amukweze m'bwato, amuuze za mwezi umene foni imafa. Mayi amene adayenda usiku kukafuna poimbira galimoto ya chipatala ali ndi umboni woposa manambala, ndipo ndi ufulu wake kulola kapena kukana kuti nkhani yake ilembedwe.

Koma naye wofufuzayo ali ndi ngongole. Nyanja ino yaona alendo ambiri obwera ndi mapepala a mafunso, ochoka ndi mayankho, osabweranso. Mwana wa pakhomo asatengere khalidwe limenelo. Akabwera ku msonkhano, kaya adamuombera m'manja kaya adamupanikiza ndi mafunso, akhale pansi pa bwalo la a mfumu, apitenso ku wailesi ya ku Metangula, anene m'Chinyanja chomveka zimene adapeza ndi zimene akatswiri adayankha. Mapu ake apereke ku ofesi ya boma ndi ku makampani a foni, ndipo ena atsale pa sukulu ya m'mudzi. Nzeruzo adazitenga kwa asodzi ndi amayi a pa gombe, ndipo eni ake ayenera kumva kumene zidakafika.